Mayunitsi a ndalama imodzimodzi akusiyana bwanji?

Mayi a Thoko: Mwaswera bwanji a gulu? Ndithandizeni nzeru. Pa 2 mwezi uno ndinagula mayunitsi a K5,000 pa foni. Dzulo ndagulanso a K5,000 yomweyo koma abwera ochepa ndithu kuyerekeza ndi oyamba aja. Kodi magetsi akwera pakati pa mwezi ife osamva? Kapena ndi foni yangayi ikundibera?

Jeki Wowotcherera: Mayi, mwayamba liti kuwerenga mayunitsi? Enafe tinasiya kale, timangolowetsa manambala n'kumapemphera.

Aphiri a Mawaya: Mayi a Thoko, foni yanu ilibe mlandu. Mita ya pakhomo, yogula mayunitsi usanagwiritse ntchito, ili ndi mitengo iwiri. Mayunitsi 50 oyamba m'mwezi amakhala otsika mtengo. Anawaika dala choncho kuti munthu wa mababu atatu, wailesi ndi kutchaja foni akwanitse. Mukangodutsa 50, otsatirawo mumagula pa mtengo wathunthu mpaka mwezi utha, kenako kuwerenga kumayambiranso. Ndiye pa 2 paja munagula otchipa, dzulo mwagula odula. Ndifunse, mita imeneyo ndi yanu nokha?

Mayi a Thoko: Ayi bambo, tili nyumba zinayi pa mita imodzi. Timagula mosinthana.

Aphiri a Mawaya: Basi nkhani ndi imeneyo. Mita sidziwa kuti kuseri kwake kuli mabanja anayi, imaona ngati ndi khomo limodzi lodya kwambiri. Amene wagula koyambirira kwa mwezi ndiye wadya mnofu, otsalanu mukukukuta mafupa. Mwezi uno mnofu munadya ndinu, musadandaule kwambiri.

Nachisale: Aphiri, pamenepo mwatitsegula maso, ine ndimaona ngati ndi mwayi chabe. Koma funso la amayiwa lili ndi mchira. Mtengowo, wotsikawo ndi wokwerawo, amaukhazikitsa ndani? Pa wailesi tsiku lina umamva ESCOM, mawa EGENCO, mkuja MERA. Ana a sitandade 8 anandifunsa m'kalasi kuti kusiyana kwake n'kotani, ndinangowauza kuti tikambirana mawa. Mawa lake silinafikebe.

Jeki Wowotcherera: Onsewo ndi ana a munthu mmodzi aphunzitsi. Amangosinthana mayunifolomu.

Wa pa Poly: Achimwene Jeki sakunama kwenikweni, koma ndiyese kufotokoza monga anatiphunzitsira. Taganizani za usipa umene timagula mu Limbe. Pali msodzi ku Mangochi amene amaugwira. Pali wopikula amene amaukweza pa lole, kuubweretsa kuno n'kutigulitsa pa mulu. Ndiye pali mkulu wa msika amene amaona kuti ndani ali ndi chilolezo chogulitsa komanso kuti muyeso sukubedwa. EGENCO ndi msodzi: ntchito yake ndi kupanga magetsi ku Nkula, Tedzani, Kapichira ndi Wovwe. ESCOM ndi wopikula: imagula magetsiwo, kuwanyamula pa nthambo zikuluzikulu, kuwatsitsa mphamvu m'mathiransifoma, n'kutigulitsa ife. MERA ndi mkulu wa msika. Sipanga magetsi, sigulitsa, koma popanda chiphaso chake palibe amene angapange kapena kugulitsa, ndipo mtengo sungasinthe iyo isanavomereze.

Nachisale: Chitsanzocho ndachitenga, mawa chikalowa m'kalasi. Koma chili ndi pobowoka mwana wanga. Mu Limbe wina akandidulitsa usipa ndimasuntha mapazi awiri n'kugula kwa mnzake. Magetsi ndingasunthe kupita kwa yani?

Wa pa Poly: Simungasunthe amayi, ndipo n'chifukwa chake MERA ilipo. Palibe dziko limene lingadzale mapolo mizere iwiri mu msewu umodzi wa Chirimba kuti makampani azipikisana, ndalama zake zingakhale zoononga. Nthambo zimakhala za mmodzi basi. Tsono wogulitsa akakhala yekha pamsika, pamafunika wina womugwira dzanja pa mtengo.

Madala a ku Soche: Ana inu mukunena za dzulo. Ife tinakula tikudziwa dzina limodzi lokha. Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966, dziko litangolandira kumene ufulu, ndipo kuyambira pamenepo kampani inali imodzi: yopanga ndi yomweyo, yonyamula ndi yomweyo, yobweretsa bilu pakhomo ndi yomweyo. Bilu inkabwera ya pepala, mwezi utatha, munthu n'kukaima pamzere m'tauni kukalipira. Za MERA zabwera ndi malamulo a 2004, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la magetsi, lamulo loyang'anira za mphamvu ndi lamulo lopititsa magetsi kumudzi. EGENCO ndi mwana wa dzana, inayamba pa 1 Januwale 2017 atasintha lamulo mu 2016. Anthu ake ambiri ndi omwe aja anali ku ESCOM, makina ndi omwe aja, mtsinje ndi womwe uja. Ndiye Jeki akamati anangosintha yunifolomu, ine sindimutsutsa msanga.

Jeki Wowotcherera: Mwamva? Madala andivomereza. Ndipo onse awiri mwini wake ndi boma. Tsono kugawa kunali kwa chiyani? Kuti mabwana akhale awiri, magalimoto awiri, mabodi awiri?

Aphiri a Mawaya: Jeki, funso lako ndi labwino koma usathamange. Tiyerekeze iwe uli ndi ndalama zako, ukufuna kumanga malo opangira magetsi a dzuwa kuti uzigulitsa. Wogula ndi mmodzi yekha m'dziko muno, mwini nthambo. Nanga mwini nthamboyo akakhala kuti nayenso ali ndi makina ake opangira magetsi, adzayamba kugula a ndani? Ake. Iwe udzakhala ngati mkazi wachiwiri wodikira tsiku lake. Palibe munthu wanzeru angaike madola ake pamenepo. Anagawa kuti wogula akhale payekha, opanga akhale paokha, EGENCO ikhale mmodzi mwa ogulitsa ngati wina aliyense.

Komanso tisaiwale kuti sizinangochokera m'mitu mwathu. Boma la America kudzera ku Millennium Challenge Corporation linapereka madola 350.7 miliyoni pa ntchito ya magetsi kuyambira 2013 mpaka 2018. Ndalama zimenezo ndi zomwe zinamanga nthambo ya 400kV yochokera ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, n'kukonzanso Nkula A kukweza mphamvu ya magetsi ake kuchoka pa mamegawati 24 kufika 36. Koma thandizolo linabwera ndi mfundo zake, ndipo imodzi inali yoti kayendetsedwe ka magetsi kasinthe kuti anthu ena azitha kulowamo.

Jeki Wowotcherera: Nanga analowamo?

Wa pa Poly: Analowamo achimwene. Ku Salima kuli malo a sola a kampani ya JCM a mamegawati 60, anatsegulidwa mu 2021. Ku Golomoti kuli ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira magetsi. Ku Nkhotakota kuli a Serengeti a mamegawati 21. Ku Mulanje kuli kampani yopanga magetsi ndi madzi a mitsinje ya Ruo ndi Ndiza. Onsewa si a boma, amagulitsa ku ESCOM pa mgwirizano wa zaka zambiri umene MERA imayenera kuuona kaye. Chaka cha 2017 chisanafike zoterezi pa nthambo za dziko kunalibe.

Nachisale: Ndiye ngati opanga achuluka chonchi, bwanji madzulo ndi pamene timakhala mumdima? Nthawi yomwe ana akufuna kuwerenga?

Wa pa Poly: Chifukwa dzuwa limaweruka 5 koloko, nthawi yomwe mzinda wonse ukuyatsa mababu, mbaula zamagetsi ndi TV. Sola wopanda batire amathandiza masana okha. Phindu lake ndi loti masanawo amatha kupumitsako makina ena a pa Shire. Koma ikakwana 6 koloko, katundu yense amabwerera pa mtsinje ndi pa majenereta a dizilo monga a ku Mapanga, ndipo dizilo ndi wodula koopsa.

Madala a ku Soche: Pa mtsinjepo ndi pamene pagona nkhani yonse, zina zonsezi ndi zokometsera. Nkula, Tedzani, Kapichira, zonse zandandalikana pa Shire mmodzi ngati mikanda pa ulusi. Wovwe yekha ndi amene ali kwina, ku Karonga, ndipo ndi kakang'ono. Nyanja ikatsika monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, madzi otuluka pa Liwonde amachepa, makina onse amafooka limodzi. Mvula ikachuluka, mtsinje umabwera ndi matope, zinyalala, mitengo ndi namasupuni, zonse n'kukatseka polowera madzi, makina n'kuimitsidwa kuti achotse. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti akunena za Nkula.

Ndipo matopewo akuchokera kuti? M'mapiri omwe tameta ndife. Ine ndikuona phiri la Ndirande pano ndili pakhonde. Ndili mnyamata munali mitengo yoti munthu n'kusochera. Thumba lililonse la makala lotsika pa njinga kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza ndi dothi lopita mu Shire. Magetsi akazima timagula makala, makala akadula mitengo magetsi amazimanso. Palibe MERA imene ingalembe lamulo loletsa matope.

Jeki Wowotcherera: Madala mwandikumbutsa 2022. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale muja, ine ntchito inaima. Mageti a anthu ndinkawotcherera 11 koloko usiku mpaka mbandakucha, aneba akunditukwana chifukwa cha phokoso la galainda. Chaka chonse chinatha choncho.

Aphiri a Mawaya: Usiku umodzi wokha tinataya pafupifupi mamegawati 130, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko. Kapichira inadzabwerera mu 2023. Ndipo chaka chomwecho cha 2022 ndi pamene mgwirizano wa majenereta obwereka a Aggreko unatha, aja ankalira pa Chichiri kuyambira 2018. Anthu ambiri ankati ndi odula kwambiri, ndipo sankanama, koma atachoka dzenje linaonekera.

Apa ndi pamene kugawa ntchito kuja kumathandiza kumvetsa. Kuzima kwa magetsi kuli mitundu iwiri. Kukakhala kuti opanga apereka ochepa, ESCOM imangogawa umphawi: dera ili m'mawa, dera ilo madzulo, motsata ndondomeko imene amalengeza. Kumeneko ngakhale muimbe foni kakhumi palibe chingasinthe. Koma kukakhala kuti nyumba za tsidya zikuyaka, mzere wanu wokha ndi umene uli mumdima, limenelo ndi vuto la nthambo, fyuzi kapena thiransifoma, ndipo ndi lofunika kukanena ku ofesi ya zowonongeka. Anthu timasakaniza ziwirizi n'kumakalipira munthu wolakwika.

Mayi a Thoko: Ine ndinangofunsa za K5,000 yanga, taonani kumene tafika. Koma pitirizani, ndikumvetsera uku ndikusenda mbatata.

Nachisale: Pepani mayi, talanda nkhani yanu. Koma funso langa la mtengo silinayankhidwe bwino. MERA imavomereza, chabwino. Imangodzuka m'mawa n'kunena nambala?

Wa pa Poly: Ayi. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi mtengo woyambira, umene amaukonza wa zaka zinayi nthawi imodzi. Unalipo wa 2018 mpaka 2022, kenako wina unayamba mu 2023. ESCOM imalemba pempho lofotokoza ndalama zimene ikufuna: zogulira magetsi kwa opanga, zokonzera nthambo, zolipira antchito, zolumikizira makasitomala atsopano. MERA imalengeza pempholo, imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu, kuno ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kenako imadula zimene yaona kuti n'zosayenera n'kuvomereza zotsalazo. Kukwerako amakugawa chaka ndi chaka, ndipo amaikapo zinthu zimene ESCOM iyenera kukwaniritsa, monga kuchepetsa magetsi otayika m'njira ndi kufulumira kulumikiza anthu.

Yachiwiri ndi yotsata kayendedwe ka chuma. Kwacha ikagwa kapena mitengo ya zinthu ikakwera kupyola muyeso wina wake, amawerengeranso. Mukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Thiransifoma, mita, nthambo, zipangizo za makina, zonse timagula kunja ndi madola. Kwacha ikagwa, yunitsi yomweyo imakhala yadula kuipanga ngakhale madzi a mu Shire ndi aulere.

Jeki Wowotcherera: Misonkhano yomva maganizo a anthu? Anthu ake ati? Ine palibe anandiitanapo. Amakachitira m'mahotela, Lachitatu 9 koloko m'mawa, ine ndili pa geti la kasitomala.

Nachisale: Pamenepo ndili nawe Jeki. Amapitako ndi a mabungwe monga CAMA ya a John Kapito, yoimira anthu ogula, ndi eni mafakitale a ku Makata ndi Chirimba, amene ali ndi anthu olembedwa ntchito yowerenga mapepala amenewo. Mayi wogulitsa mafirizesi amene fuliji yake ndiyo munda wake, mawu ake amafika bwanji? Bwanji osakachititsa msonkhano umodzi pa bwalo la sukulu ku Ndirande Loweruka masana, m'Chichewa?

Aphiri a Mawaya: Zimenezo n'zoona, koma nanunso a gulu, chikalata chimatuluka m'nyuzipepala, pa wailesi amalengeza, ndani wa ife analembapo kalata? Khomo limakhala lotsegula, kungoti ndi lopapatiza. Ine chimene chimandivuta n'china. Bodi ya MERA imasankhidwa ndi boma. ESCOM ndi ya boma. EGENCO ndi ya boma. Ndiye woimbira mpira ndi matimu onse awiri amadya pakhomo limodzi. Chisankho chikayandikira, ndani angalimbe mtima kukweza magetsi ngakhale masamu akunena kuti akwere? Mtengo ukakhala pansi pa ndalama zopangira, wopikula amalephera kulipira msodzi, msodzi amalephera kusoka ukonde. Nkhani za ngongole pakati pa ESCOM ndi EGENCO, komanso za maofesi a boma osalipira mabilu, takhala tikuziwerenga m'nyuzipepala kwa zaka. Ife timasangalala kuti sanakweze, koma timalipira njira ina: makandulo, makala, nyama yowola mu fuliji.

Jeki Wowotcherera: Aphiri mukufuna kunena kuti tizipempha tokha kuti atikwezere? Pepani, pamenepo ndatsika basi.

Aphiri a Mawaya: Sindinatero. Ndikuti tizifunsa kuti ndalama tikulipira kale zikupita kuti, ndipo zimene analonjeza pokweza ulendo watha anachita zingati. MERA imayenera kuyeza zimenezo. Funso limenelo ndi lakuthwa kuposa kungokuwa kuti tsitsani.

Madala a ku Soche: Panalinso kampani ina ija inabadwa n'kufa tisanaloweze dzina lake. Inali chiyani kodi?

Wa pa Poly: Power Market Limited agogo. Maganizo anali oti ntchito yogula magetsi kwa opanga onse ichoke ku ESCOM ikhale ndi kampani yakeyake, kuti wogula asakhalenso mwini nthambo. Inagwira ntchito zaka zochepa, anthu n'kumadandaula kuti yangowonjezera pakamwa pena podyetsa kuchokera pa yunitsi yomweyo, boma n'kuithetsa. Ntchitoyo inabwerera ku ESCOM. Ndiye lero ESCOM ndi yogula, yonyamula, yogawa, komanso ndi imene imayendetsa nthambo zonse n'kumauza opanga kuti yatsani makina awa, zimitsani awo.

Nachisale: Ndiye mu K5,000 ya Mayi a Thoko muja mukudya anthu angati?

Aphiri a Mawaya: Ambiri aphunzitsi. Muli msonkho wa VAT wopita ku MRA. Muli kandalama koyendetsera MERA. Muli ka MAREP, kopititsa magetsi m'ma trading centre akumudzi, kamene timaperekanso pogula mafuta a galimoto. Zotsalazo ndi zimene ESCOM imagawana ndi opanga. Ndiye mukaona mapolo atsopano kumudzi kwanu ku Thyolo kapena ku Phalombe, wandale akuti ndakubweretserani, dziwani kuti inunso munasonkhako.

Adimini: Za andale tisalowemo chonde, malamulo a gulu mukuwadziwa. Pitirizani za magetsi.

Jeki Wowotcherera: Chabwino bwana. Funso langa lenileni ndi ili. Ndikasonkha ndalama n'kuika masola ambiri padenga la shopu, otsala ndingakokere waya kwa ometa tsitsi ndi wa grosale pafupi nane, azindilipira pamwezi?

Wa pa Poly: Kudzipangira wekha n'kumagwiritsa ntchito pakhomo pako ndi nkhani ina, kugulitsa kwa ena ndi nkhani inanso. Mukayamba kukoka waya kudutsa mpanda n'kumalandira ndalama, mwalowa ntchito imene lamulo limafuna chilolezo cha MERA. Sikuti n'zosatheka. Ku Bondo ku Mulanje kuli MEGA, imene imapanga magetsi ndi madzi otsika m'phiri n'kumagulitsa m'midzi pa nthambo zakezake, ndipo ili ndi chiphaso. Koma pitani mukafunse kaye musanagule waya.

Aphiri a Mawaya: Ndipo wokulumikizirayo akhale ndi chiphaso cha MERA cha ntchito yoika mawaya, osati mnyamata wa pulayazi imodzi. Misika yathu ikamapsa usiku timathamangira kunena za ufiti, koma kayang'aneni mawaya amene amadutsa pamwamba pa mabenchi, opiringidwa ndi mapepala a shuga.

Madala a ku Soche: Nanga za ku Mozambique zija? Ine ndinayamba kuzimva tsitsi lisanachite imvi.

Wa pa Poly: Imeneyo ndi nthambo ya 400kV yochokera ku Matambo ku Tete kudzafika ku Phombeya, makilomita 218. Kufunika kwake n'koti dziko lolumikizidwa ndi anzake a kum'mwera kwa Africa limatha kugula magetsi Shire akadwala, n'kugulitsa likakhala ndi otsala. Koma magetsi ogula kunjawo amalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndiye tabwereranso pa nkhani ya kwacha ija. Palinso Mpatamanga, damu lalikulu lokonzedwa kumangidwa pakati pa Tedzani ndi Kapichira, la mamegawati opitirira 350, lomwe lizitha kusunga madzi masana n'kuwatsegula madzulo pamene tikuwafunitsitsa.

Madala a ku Soche: Pa Shire pomwepo.

Wa pa Poly: Pomwepo agogo.

Mayi a Thoko: Zikomo nonse, mbatata zapsa. Ine zimene ndatolapo n'zakuti vuto langa si Shire, si MERA, ndi mita imodzi ya mabanja anayi. Tikanakhala aliyense ndi yake, aliyense akanadya 50 wake wotchipa, komanso bwenzi tisakukangana kuti ndani ali ndi ayironi ndani ali ndi ketulo. Aphiri, mita yangayanga ndingakapemphe ndekha?

Aphiri a Mawaya: Nyumba si yanu mayi, ndiye pempho liyenera kuchokera kwa eni nyumba. Mawaya a nyumba iliyonse ayenera kupatulidwa kaye, wachiphaso ayeze n'kusaina, kenako mafomu apite. Pali ndalama ndithu, koma pa mabanja anayi zimabwerera. Nkhani ndi kuwanyengerera alandilodi anuwo.

Mayi a Thoko: Iiii, amenewo ndiye ovuta. Chitseko cha bafa chinagwa mu Epulo mpaka lero timatchinga ndi chitenje.

Bambo a Mphatso: Mayi a Thoko, mwaswera bwanji. Muno ndilimo, munandilowetsa ndinu chaka chatha. Zonse ndawerenga kuyambira pa K5,000. Za mita tikambirane Loweruka onse anayi mukakhalapo, Aphiri munditumizire nambala yanu kumbali. Chitseko ndibwera nacho mawa.

Jeki Wowotcherera: Bwana, ngati n'chachitsulo mahinjesi ndikuwotchererani ulere. Bola magetsi akhale alipo.